Ana Asanu ndi Awiri Amene Sanafike ku Seva

Tukombo,
Lachinayi masana.

Wokondedwa mwana wanga Wezi,

Mawa m'mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe kukayamba ntchito imene waiphunzira zaka zinayi, yopanga masamba a pa intaneti amene makalaliki onga ine timalembapo. Amayi ako akulangiza kale za zovala, za tchalitchi ndi za anyamata, ndipo sindibwereza zimenezo. Ine ndikulembera za ntchito, chifukwa ndiyo ndimaidziwa, ndiponso chifukwa pakati pa iwe ndi ine pali nkhani imene yakhala miyezi inayi yosatsekedwa. Ukuidziwa. Ndinakana tsamba lako pamaso pa komiti ya chipatala, ndipo kuyambira tsiku limenelo umandipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka, osati ngati bambo ako. Sindifuna kuti ukwere minibasi nkhaniyi ili momwemo. Ndiifotokoza mwa dongosolo lake kuyambira pachiyambi, ndipo ndikupempha kuti usalumphe ndime.

Ndiyambe ndi tsamba lakale. Pamene ofesi ya zaumoyo ya mpingo inatumiza laputopu kuchipatala chathu chaching'onochi, ndinali nditasunga kaundula wa ana a sikelo ndi cholembera kwa zaka zoposa makumi awiri. Anatiuza kuti zolemba zathu zizisungidwa pa seva, kompyuta yaikulu imene ili ku Mzuzu, ndipo ntchito yanga ndi kutsekula tsamba, kulemba dzina la mwana, kulemera kwake ndi katemera amene walandira, kenaka kudina batani lotumizira. Ukangodina, tsamba lonse linkauma gwa. Sunkatha kulemba dzina lina, sunkatha kukwera m'mwamba kuti uone ngati walakwitsa, sunkatha kuchita kanthu kufikira seva itayankha. Netiweki ikakhala bwino, kudikirako kunali kuphethira kwa diso. Ikavuta, munthu unkatha kuvula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, tsamba lidakali chiumire.

Sabata yoyamba yomweyo ndinalakwitsa. Ndinalemba mwana wamkazi dzina lake Chimwemwe, ndinadina, koma palibe chinaoneka. Ndinayesa kuti batani silinamve, ndinadinanso. Kachitatu ndinadina mwamphamvu, monga timachitira ndi chidindo chimene inki yake yauma. Tsamba litatsitsimuka linatumiza zonse zitatu, ndipo m'kaundula munalowa a Chimwemwe atatu, obadwa tsiku limodzi kwa mayi mmodzi, olemera mofanana. Anesi athu, mayi Kalinde, anasuzumira paphewa panga nati, "Ada Longwe, ine ndinabereketsa mmodzi. Awiri enawa mwabereka ndinu? Nanga amayi kunyumba akudziwa?" Amayi onse pabenchi anaseka, ndipo zinanditengera makalata awiri kuti a ku Mzuzu afafanize ana angawo. Tsono kumbukira ichi, Wezi: munthu akadina batani lako, muuze nthawi yomweyo kuti wamumva, ndipo ulitseke batanilo kufikira ntchitoyo itatha. Munthu ukamusiya wopanda yankho adzadinanso, ngakhale akhale wophunzira chotani.

Komabe ndivomere kuti tsamba loumalo ndinafika polikonda. Linali ndi khalidwe langa: chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chachiwiri sichiyamba choyamba chisanathe. Likandimasula ndinkadziwa kuti mwanayo walowadi. Amene sindinkawaganizira ndi amayi a pabenchi. Ine ndinkadikira nditakhala pampando, iwo ankadikira ana ali kumsana, ena atatsika kumapiri wapansi, ena atapempha ola limodzi lokha kwa mabwana awo kumaloji a ku Kande. Unabwera kuholide uli chaka chachitatu, unakhala pakona ya ofesi Lachiwiri lathunthu, ndipo tikubwerera kunyumba unandifunsa kuti, "Ada, n'chifukwa chiyani theka la tsiku mumakhala mutapinda manja?" Ndinati ndimadikira seva. Unandiuza kuti tsamba lingalankhule ndi seva m'njira ziwiri. Mwina litumize funso n'kuima chilili kufikira yankho litabwera, monga lathu lija. Mwina litumize funso n'kusiya munthu apitirize kulemba, ndipo yankho likafika, tsamba lililandire n'kuliika pamalo pake. Maina ake a Chingerezi, synchronous ndi asynchronous, ndinawalemba kuchikuto cha buku langa, koma ine ndimangoti njira yodikira ndi njira yosadikira. Unapitiriza kuti, "Ama akaviika chinangwa sakhala pambali pake masiku atatu akuchiyang'ana. Amapita kudimba, amachipeza chitafewa." Ndinakuyankha kuti kaundula si chinangwa.

Chaka chako chomaliza unapanga tsamba losadikira, ofesi ya ku Mzuzu inakuloleza kulilumikiza ku seva yomweyo, ndipo komiti yathu inavomera kuti tiliyese. Lachiwiri loyamba ndinalemba mwana, ndinadina, malo olemba anayera nthawi yomweyo kuti ndilembe wotsatira. Mzere unayenda ngati madzi. Mayi wina wophika kuloji anaima pakhomo akumanga mwana wake nati, "Basi? Ndizipita? Simundisunganso mpaka nyemba zipserere?" Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa mmene nkhope yanga inaonetsera. Koma buku langa sindinalisiye. Mwana aliyense ndinkamulemba kawiri, pa tsamba ndi pa pepala, ndipo papepalapo ndinajambula ndi lula danga lina lolembamo nthawi imene mayi wafika patebulo. Unaliona bukulo n'kuseka, "Ada, simundikhulupirira?" Ndinati ndimakhulupirira chimene ndachisainira. Dangalo ulikumbukire, chifukwa pambuyo pake linandiweruza ine ndemwe.

Kulakwa kwachiwiri tinagawana. Pa tsamba lako, munthu ukasankha mudzi, mndandanda wa ana a mudziwo unkabwera kuchokera ku seva. Tsiku lina ndinasankha Tukombo molakwitsa, ndipo pomwepo ndinasintha n'kusankha Kande. Mafunso awiri anapita, koma netiweki inawabweza mosemphana: yankho la Kande linafika msanga, la Tukombo linafika pambuyo n'kukhala pamwamba pa linzake. Pamutu panalembedwa Kande, pansi pali ana a ku Tukombo. M'midzi yonse iwiri munali mwana wotchedwa Tiwonge, wina wa miyezi isanu, wina wa zaka ziwiri, ndipo ine ndinalemba kulemera kwa khanda pa dzina la wamkuluyo. Madzulo tsamba linaonetsa kuti ku Tukombo kuli mwana wanyentchera moopsa. Mlangizi wa zaumoyo anapalasa njinga kukamuona, anakamupeza akuthamangitsa abakha, masaya ali fwaa. Iwe unakonza tsiku lomwelo: funso lililonse linayamba kunyamula nambala yake, ndipo yankho la funso lakale likafika mochedwa, tsamba linkalitaya. Gawo langa linali lakuti ndinawerenga mutu wokha osayang'ana dzina la mayi, chinthu chimene m'buku sindinachitepo. Usaiwale, mwana wanga: pa njira yosadikira, chimene wayamba kufunsa sindicho chimayamba kuyankhidwa. Yankho lililonse ulifunse kuti ndi la funso liti usanalikhazike patebulo la munthu.

Panali chinanso chimene ndinakudzudzula nacho popanda chifukwa. Mwana watsopano akabwera, tsamba lako linkatseka danga la katemera kufikira seva itapereka nambala ya mwanayo, ngakhale kuti madanga ena onse ankalembeka. Ndinati, "Unati kudikira kwatha, nanga ichi n'chiyani?" Unandiyankha modekha kuti katemera amalembedwa pa nambala ya mwana, ndipo nambala isanabwere palibe pomukoleka. Unanena zoona, ndipo kalaliki aliyense akanayenera kuzimvetsa msanga kuposa mmene ndinachitira ine. Kumene ukupita udzapeza achinyamata amene amayesa kuti kudikira kulikonse ndi uchikale. Usawatsatire. Pali zinthu zimene chachiwiri sichingaime popanda choyamba. Zimenezo uzizidikiritsa, koma udikiritse danga limenelo lokha, osaumitsa tsamba lonse ndi munthu yemwe.

Tsopano ndafika pa nkhani imene yandichititsa kulemba kalatayi. Inali nyengo ya usipa, pamene amayi amachedwa kubwera kusikelo chifukwa m'mawa amakhala akuyanika nsomba pamathandala. Lachiwiri lina mzere unakula madzulo, ndipo mmodzi mwa omaliza anali Nyamanda, mayi wachichepere amene anali atangosamukira kuno kuchokera ku Usisya, ndi mwana wake Yotamu. Ndinamulemba mwanayo ngati watsopano, pamodzi ndi mwezi umene anayenera kubweranso kudzalandira katemera wachiwiri wa chikuku. Ukudziwa kuti mlangizi wa zaumoyo amatenga mndandanda wake pa seva, ndipo ndi umenewo amayendera midzi kukumbutsa amayi. Yotamu sanaonekemo. Kabuku ka kuchipatala ka mwanayo kanali katanyowa m'boti, tsiku lobwerera litafufutika, ndipo mayiyo anadikira kuti akumbutsidwa monga tinamulonjezera. Panapita miyezi iwiri kuchokera pa nthawi yake. Chikuku chitamveka m'mudzi woyandikana nawo, Nyamanda anabwera yekha akuthamanga, mwana ali pachifuwa. Anaima patebulo panga nati, "Ada, munati mudzatuma munthu. Ndakhala ndikuyang'ana kumsewu. Kodi mwana wanga munamulemba, kapena munangondionetsa cholembera?" Mayi Kalinde anamubaya mwanayo pomwepo, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, sanadwale. Nditafufuza pa seva, ndinapeza kuti pa ana a Lachiwiri lija, asanu ndi awiri sanafikeko.

Komiti inakumana, ndipo unaitanidwa chifukwa unali utangomaliza mayeso uli kunyumba. Zimene ndinanena ukuzikumbukira, koma ndizilemba kuti ndisadzipeputsire. Ndinaimirira ndi buku m'manja, ndinawerenga maina asanu ndi awiriwo limodzi ndi limodzi, kenaka ndinati, "Tsamba la mwana wanga ndi lofulumira, koma limameza ana. Lakale lija linali laulesi, koma silinatayepo mwana." Wapampando, ada Kamanga, anakufunsa ngati uli ndi mawu. Unayamba kufotokoza za kanambala kena ka pakona pa tsamba, ndipo ine ndinakudula. Ndinati komiti sinabwere kudzamva za makona. Unangoti, "Yewo, Ada," n'kukhala pansi. Komiti inagamula kuti tibwerere ku tsamba lakale, ndipo ine ndemwe, monga mlembi, ndinalemba m'maminitsi kuti vuto linali la tsamba latsopano. Ndinkadziona ngati munthu wachilungamo amene sakondera ngakhale mwana wake. Ndikuuze lero, Wezi, kuti munthu akamasangalala kwambiri ndi chilungamo chake, ayenera kubwerera kukaonanso zolemba. Ine sindinabwerere. Ndipo usadzadule munthu pakati pa kufotokoza kwake, makamaka ngati uli ndi mphamvu yomudula.

Masabata atatu apitawo ndinkakonza lipoti la miyezi itatu, ndipo potembenuza masamba akale a buku ndinafika pa Lachiwiri lija. Diso langa linagwera pa danga la nthawi. Ana onse asanu ndi awiri anafika patebulo panga m'mphindi makumi awiri zomaliza folo koloko isanakwane. A m'mawa analowa onse, a masana analowa onse. Ndinayang'ana masiku ena, ndinapezanso ana awiri osowa pa Lachiwiri lina, nawonso a nthawi yomweyo, ndipo ndinawatumizira mlangizi tsiku lomwelo. Ukundidziwa, mwana wanga. Folo koloko ikakwana ndimatseka. Ndatseka nthawi imeneyo moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo ndinkanyadira kuti anthu a pamsewu amakonza mawotchi awo akamva loko wanga. Ukudziwanso kuti madzulo, ana a sukulu akaweruka ndipo aliyense ali pa foni, netiweki ya kuno imakwawa. Nthawi yomweyo itakwana ndinatsekula tsamba lako, limene linali lidakali pa laputopu, ndinayang'ana pakona yakumanja. Panali kanambala kotuwa. Ndinalemba kusintha kumodzi kumene kunkafunikadi, kanambala kanati 1. Ndinalemba kwina, kanati 2. Ndinatseka tsamba ndi kuzimitsa laputopu monga ndinkachitira. Nditatsekulanso, pa seva panalibe kanthu. Ndinabwereza, koma ulendo uno ndinakhala manja ali pamawondo. Patapita mphindi zisanu kanatsika pa 1, kenaka pa ziro, ndipo zonse zinafika. Kanambala kaja kankawerenga ana amene adakali panjira. Tsamba silinameze ana. Ndinawatsekera panjira ndine, chifukwa cha folo koloko.

Ndikanakonda kunena kuti sunandiuze. Unandiuza. Tsiku limene unaika tsamba unandipatsa pepala la malangizo lolemba pamanja, ndime zisanu ndi imodzi. Ndinalifuna m'kabati ndipo ndinalipeza mosavuta, chifukwa palibe chimasowa m'kabati mwanga. Linali m'faelo ya makalata olandira, lili ndi chidindo cha ofesi, tsiku lolandira ndi siginecha yanga, loboola bwino pakati. Ndime yachinayi inati: "Musatseke tsamba kanambala ka pakona kasanafike pa ziro." Pepalalo ndinalidinda, ndinalisainira, ndinalisunga, koma sindinaliwerenge. Ndinaliyesa chikalata cha mwana wa sukulu cholembera bambo amene anayamba ntchito iye asanabadwe. Tenga phunziro pamenepa. Kusunga chinthu mwadongosolo si kuchidziwa. Kuntchito kwako adzakupatsa malangizo olembedwa ndi anthu amene udzawaone ngati otsalira. Uwawerenge kufikira ndime yomaliza usanawaike pambali.

Koma sindingakhale bambo ako ndikapanda kukuuza gawo lako, ndipo ulimve popanda kukwiya. Kanambala kaja kanali kakang'ono, kotuwa, kopanda mawu, pakona pamene munthu wovala magalasi onga anga sayang'anapo. Tsamba lakale linali ndi ubwino umodzi: silinkandilola kuchoka ntchito isanathe. Lako linandimasula, ndipo pondimasulapo linandisenzetsa udindo umene sindinkadziwa kuti ndasenza. Malo olemba akayera, kwa kalaliki zimatanthauza kuti nkhani yatha. Tsono uzisiyanitsa mawu atatu, ndipo uziwalemba aakulu m'chilankhulo cha amene akugwiritsa ntchito: zikutumizidwa, zafika, zalephera. Usalembe kuti zasungidwa pamene zangonyamuka. Seva ikakhala chete nthawi yaitali, tsamba lako lisadikire mpaka kalekale mwakachetechete, linene kuti zalephera ndipo liyesenso. Zimene zidakali panjira uzizisunga kaye mulaputopu momwemo, kuti ngakhale magetsi a sola athe, mawa zikanyamuke. Ndipo munthu akafuna kutseka zina zisanafike, tsamba limuime kutsogolo n'kumufunsa. Uzipangira munthu wotopa, wokalamba, wouma mutu, amene sawerenga mapepala a malangizo. Ukudziwa kumene ungamupeze woyesera.

Kulakwa kwanga komaliza ndi kumene kumandichititsa manyazi koposa. Choonadi ndachidziwa masabata atatu, ndipo ndakhala nacho chete. Tadya mbale imodzi, wandithirira madzi osamba m'manja, ndipo ine ndimangofunsa ngati wachapa zovala za ulendo. Ndinkadziuza kuti ndiyenera kukonza maminitsi kaye ndisanalankhule, chifukwa mawu amene ananenedwa pamaso pa komiti ayenera kubwezedwa pamaso pa komiti. Zimenezo n'zoona, koma panalibe chondiletsa kukuuza tsiku lomwelo kuti, "Ndapeza kanthu, ndipo kakuoneka kuti kali kumbali yako." Amayi ako anazindikira kuti chilipo chikundidya, anandifunsa pakhonde, ndinawauza. Iwo anati, "Ndiye mukudikira chiyani, ada ake Wezi? Muyambe mwadinda chidindo pakamwa?" Iwe usadzatero. Ukadzapeza kuti walakwira munthu, muuze zimene wadziwa tsiku lomwelo, zotsala zidzatsatira. Ndipo ukafika ku Lilongwe, amayi ako akakutumizira uthenga, ngakhale ulibe nthawi yoyankha zonse, uzingowalembera kuti walandira. Ukapanda kutero adzaimba katatu, kenaka adzandituma ine.

Komiti inakumana dzulo. Sindinakuuze kuti nkhani yako ili pa ndandanda, chifukwa sindinkadziwa kuti agamula bwanji, ndipo sindinafune kuti uchititsidwe manyazi kawiri. Ndinapita ndi buku, pepala lako la malangizo ndi laputopu. Ndinaimirira pamalo pomwe ndinaima tsiku lija, ndinawerenganso maina asanu ndi awiri, ulendo uno pamodzi ndi nthawi zake, kenaka ndime yachinayi ya pepala lako. Ndinawaonetsa chidindo changa pamwamba pake. Ada Kamanga anati, "Ada Longwe, tikumva bwino kodi? Mukudzisumira nokha?" Ndinati ndikukonza maminitsi. Mayi Kalinde anaomba m'manja kamodzi nati, "Lembani tsiku la lero penapake. Zaka zonse ndagwira nawo ntchito bambo awa, lero ndi loyamba kuwamva akuti ndinalakwa. Mawa kugwa mvula." Mkulu wina anafunsa ngati sikungakhale kwanzeru kungokhala ndi tsamba lakale, popeza silifuna kuti kalaliki akhale tcheru. Funso lake linali labwino, ndipo sindinalipeputse. Ndinamuyankha kuti chibwerere ku tsamba lakale amayi ayambanso kuchoka pamzere asanalembedwe, ndipo mwana amene wabwerera kunyumba osalembedwa wasowa chimodzimodzi ndi amene sanafike ku seva. Ndinati njira yosadikira ndiyo yotiyenera kuno kumene netiweki imabwera ndi kupita, malinga itiuze zoona za zimene zafika ndi zimene sizinafike.

Agamula kuti tsamba lako libwerere, ukangokonza zinthu zitatu: mawu aakulu aja, kusunga kaye mulaputopu, ndi funso la potseka. Ada Kamanga ati usafulumire, uyambe wakhazikika pantchito, ndipo ukalembe m'Chichewa ndi m'Chitonga momwe. Ine ndalonjeza kuti tsiku la sikelo sindidzatseka ndi wotchi, ndidzatseka ndi ziro. Ndapemphanso kuti ndikapite ndekha kwa Nyamanda Loweruka kukamuuza amene anamulakwira, popeza mpaka lero akudziwa kuti ndi kompyuta ya mwana wa kalaliki.

Pita bwino, mwana wanga. Mtima wanga uli pamalo. Ntchito imene wasankha ndi yaulemu, ndipo ndaona ndi maso anga kuti umaidziwa. Anthu amene adzadina mabatani ako sudzawaona nkhope, koma adzakhala ndi mizere ya anthu kutsogolo kwawo, ndipo adzakhulupirira chilichonse chimene tsamba lako lidzawauze. Usadzawanamize ngakhale ndi kukhala chete.

M'envelopu muno ndaikamo kope la maminitsi a dzulo, losainidwa ndi wapampando ndi ine. Uwerenge ndime yachitatu. Yalembedwa kuti vuto la ana asanu ndi awiri linachokera kwa mlembi, ndi kuti mlembi wabweza mawu amene ananena okhudza ntchito ya Wezi Longwe. Amenewo ndi mawu a komiti, ndipo m'maminitsi simulowa mawu ena oposa pamenepo. Anga ndi awa: ndinakulakwira pamaso pa anthu, mwana wanga. Pepa. Mawa chikwama chako ndinyamula ndine mpaka pamsewu, ndipo ukafuna kumaliza zimene unkafotokoza tsiku lija, ndidzamvetsera kufikira utamaliza.

Ndine bambo ako,
Y. Longwe